Munthu akasiya kupemphera, chimamuchitikira n'chiyani kwenikweni?

Wofunsa_Adziwe:

Moni nonse. Funso langa likufuna mayankho olunjika, osati ulaliki woopseza ayi. Munthu akasiya kupemphera, kaya kwa sabata kaya kwa zaka, chimamuchitikira n'chiyani kwenikweni?

Zonena za anthu zimasemphana. Ena amati ukangosiya, mavuto amayamba kukugwera: matenda, kuchotsedwa ntchito, banja kusokonekera. Ena amati palibe chimasintha, ndipo amaloza anthu osapemphera omwe zinthu zikuwayendera bwino. Ndiye ndikufuna kudziwa zomwe zipembedzo zimaphunzitsa m'mabuku mwawo, osati zomwe timangomva anthu akukamba. Kodi woiwala, waulesi ndi wokaniratu amawerengedwa chimodzimodzi? Ngati munthu wadumphitsa mapemphero ambiri, pali njira yobwezera kapena zapita zapita? Komanso kwa amene sakhulupirira za Mulungu, kodi pali chinthu choyezeka chomwe munthu amataya akasiya kupemphera?

Asilamu, Akhristu ndi osapembedza omwe, chonde tithandizeni. Mukatchula chiphunzitso mutiuzenso pomwe chinalembedwa.

Mwalimu_wa_Madrasa:

M'bale wanga, ku Chisilamu tiyambe talekanitsa zinthu ziwiri zomwe anthu amazisakaniza. Pali duwa, komwe ndi kupempha Allah m'mawu ako, nthawi ina iliyonse. Kusiya duwa n'kudzimana wekha, koma ilibe chiwerengero choti unganene kuti ndaphonya zingapo. Ndiye pali swala, yomwe ndi faradhi (lamulo lokakamiza), ili ndi nthawi zake ndi marakaa ake (magawo a kuimirira, kuwerama ndi kugwetsa nkhope pansi): Fajr 2, Dhuhr 4, Asr 4, Maghrib 3, Isha 4, onse pamodzi marakaa 17 patsiku. Qur'an 4:103 imati swala inalamulidwa kwa okhulupirira pa nthawi zoikika. N'chifukwa chake swala yophonya imawerengedwa ngati ngongole, ndipo funso lanu lobweza lili ndi yankho lenileni.

Woiwala kapena wogonereza alibe tchimo. Hadisi (mawu a Mtumiki) ya m'mabuku a Bukhari ndi Muslim imati aswali pomwe wakumbukira, ndipo palibe dipo lina loposa pamenepo. Mtumiki (SAW) ndi maswahaba ake anagonerezapo mpaka dzuwa kutuluka pobwerera kuchokera ku Khaybar, ndipo anangoswali Fajr atadzuka. Koma amene amatchera alamu pa nthawi yopita kuntchito akudziwa kuti Fajr idzakhala itadutsa, ameneyo asadzinamize kuti wagonereza. Wachita kusankha.

Wokana kuti swala ndi lamulo, maulama (akatswiri a chipembedzo) onse amagwirizana kuti watuluka m'Chisilamu.

Pa waulesi, amene amavomera kuti ndi lamulo koma saswali, m'pomwe pali kusiyana maganizo. Mwa maimamu anayi akuluakulu, Abu Hanifa, Malik ndi Shafi'i amati wachita tchimo lalikulu zedi koma akadali Msilamu. Mawu otchuka a wachinayi, Ahmad ibn Hanbal, amati wagwa mu ukafiri (kusakhulupirira), potengera hadisi ya mu Muslim yonena kuti chomwe chili pakati pa munthu ndi shirki (kuphatikiza Allah ndi milungu ina) ndi ukafiri n'kusiya swala. Enawo amaitanthauzira kuti ikunena ukafiri waung'ono, kapena ikunena wokaniratu uja. Kusiyana kumeneku si nkhani ya m'kalasi chabe, chifukwa kumakhudza ngati ukwati wake ukadalipo, ngati angaswalidwe janaza akamwalira, ndi ngati angalandire cholowa cha abale ake achisilamu. Ndiye munthu wamba asamathamangire kutchula mnzake kafiri. Chigamulo chotere chimafuna odziwa, ndipo maimamu atatu mwa anayi aja sanafike pamenepo.

Zotsatira zomwe Qur'an imatchula zambiri n'za tsiku lomaliza. Pa 74:42-43 anthu a kumoto akafunsidwa chomwe chawalowetsa kumeneko, yankho lawo loyamba n'lakuti sanali m'gulu la oswali. Pa 19:59 ikunena mibadwo yomwe inataya swala n'kutsata zilakolako. Pa 107:4-5 tsoka likunenedwa ngakhale kwa oswali omwe amachita mphwayi ndi swala zawo. Za pansi pano, 29:45 imati swala imaletsa zauve ndi zoipa, kutanthauza kuti woisiya wachotsa chomwe chimamubweza kasanu patsiku. Palinso hadisi yonena kuti wosiya Jumu'ah (swala ya Lachisanu) katatu mwamphwayi, Allah amadinda mtima wake. Muone kuti chilango chimenechi n'kuuma mtima, osati kugwa kwa bizinesi. Hadisi ina ya mu Tirmidhi imati oyesedwa kwambiri ndi aneneri, ndiye mavuto paokha sangakhale umboni woti munthu saswali.

Kubweza, komwe timati kadha, mazihabu onse anayi (magulu otsata maimamu aja) amati n'koyenera ngakhale unasiya dala. Ibn Hazm ndi Ibn Taymiyya ndi omwe amati yosiya dala sibwezeka, munthu angolapa n'kuchulukitsa swala za sunna (zosakakamiza). Kwa amene akutsata ambiriwo, njira yake ndi iyi. Yambani ndi toba (kulapa) ndipo swala za lero zikhazikike kaye. Kenako werengani zaka kuyambira pomwe munatha msinkhu, osati pomwe munabadwa. Amayi achotse masiku a msambo ndi a pambuyo pobereka, chifukwa swala za masiku amenewo sizibwezedwa. Chaka cha masiku 365 chili ndi swala 1,825. Ngati simukukumbukira bwino, tengani chiwerengero chomwe mtima ukutsimikiza kuti chaphimba zonse. Ndiye pa swala iliyonse ya lero onjezerani imodzi ya mtundu womwewo, Dhuhr ya lero ndi Dhuhr yakale. Mukatero, zaka 3 zophonya zimatha m'zaka 3, mukamaonjezera ziwiri zimatha m'chaka ndi theka. A Hanafi, otsata Abu Hanifa, amabwezanso witiri, swala ya usiku ya pambuyo pa Isha.

Chomwe chimagwetsa ambiri n'kufuna kumaliza msanga. Munthu amaswali kadha 40 tsiku loyamba, pofika tsiku lachinayi mawondo akana, n'kusiya zonse pamodzi ndi za lero zomwe. Enanso amasiya swala chifukwa sadziwa kupeputsa komwe kulipo: wodwala amaswali chokhala kapena chogona cham'mbali, wapaulendo amafupikitsa za marakaa 4 kukhala 2, ndipo madzi akasowa kapena akakhala oti amupweteka amachita tayammamu, kudziyeretsa ndi dothi.

Katekisiti_Wakale:

Zikomo a Mwalimu. Ku Katolika kaonedwe kake n'kosiyanako, chifukwa mapemphero a pawekha alibe chiwerengero cholamulidwa kwa mkhristu wamba. Kugona osanena Atate Athu, kapena kutha sabata osachita Korona, si tchimo lalikulu palokha. Omwe ali ndi udindo wa mapemphero a maola tsiku lililonse ndi ansembe, madikoni okonzekera unsembe ndi a m'zipani za chipembedzo motsata malamulo awo.

Lamulo lomwe limamanga aliyense ndi la Misa ya Lamulungu ndi masiku oyera olamulidwa. Lili mu kanoni 1247 ya malamulo a Mpingo, ndipo Katekisimu pa ndime 2181 imanena poyera kuti wojomba dala wachita tchimo lalikulu, pokhapokha pali chifukwa chachikulu monga matenda kapena kusamala makanda. Kuti tchimo likhale lalikulu pamafunika zinthu zitatu pamodzi, malinga ndi ndime 1857: nkhaniyo ikhale yaikulu, munthu adziwe bwino lomwe, ndipo achite mwakufuna kwake. Chimodzi chikasowa, mlandu umachepa. Amene wadwala, kapena ali kutali koti sangafike kutchalitchi, sanachimwe ndipo safunika kulapa za zimenezo. Misa ya Loweruka madzulo imakwaniritsa lamulo la Lamulungu. Ya pa wailesi kapena pa TV siikwaniritsa, koma amene walephera pa chifukwa chomveka anamasulidwa kale, ndiye akuionera kuti imuthandize, osati kuti alipe.

Chotsatira chogwirika n'chakuti wojomba dala sayenera kulandira Ukaristia asanalape. Ndipo kubweza kwa mtundu wa kadha kulibe kwa ife. Simungapite ku Misa ziwiri Lolemba kuti mufafanize Lamulungu lomwe munajomba. Njira ndi Sakramenti la Kulapa, komwe mumatchula mtundu wa tchimo ndi kuchuluka kwake monga momwe mungakumbukire. Kunena kuti "ndakhala osapita ku Misa pafupifupi zaka ziwiri" n'kokwanira, wansembe safuna madeti. Malire otsikitsitsa, omwe anakhazikitsidwa ku msonkhano wa Lateran wa 1215, ndi kulapa kamodzi pachaka ndi kulandira Ukaristia m'nyengo ya Pasaka.

Koma wina asamve ngati pemphero la pawekha n'losafunika. Ndime 2744 imalitcha chinthu chofunika kuti munthu akhale moyo, ndipo imabwereza mawu olimba a Alphonsus Liguori akuti opemphera amapulumuka ndithu, osapemphera amatayika ndithu. Ganizo lake n'lakuti popanda kupempha chisomo munthu sangalimbe poyesedwa, ndiye kusapemphera kumabala machimo ena omwe ndi amene amamugwetsa.

Pali zinthu ziwiri zofanana maonekedwe zomwe Mpingo umazisiyanitsa. Kuuma kwa mumtima, pa ndime 2731, n'pomwe munthu akupemphera koma sakumva kukoma kulikonse. Limeneli si tchimo, ndipo oyera ambiri anadutsamo, Yohane wa Mtanda analemba zambiri za mdima umenewu. Mphwayi zauzimu, pa ndime 2733, n'pomwe munthu walekerera mpaka za Mulungu zikumunyansa. Amonke a m'chipululu cha Egypt, monga Evagrius yemwe anamwalira mu 399, ankaziwerenga m'gulu la maganizo oipa asanu ndi atatu. Ambiri amasiya kupemphera pa kuuma kuja poganiza kuti pemphero lawo silikugwira ntchito, ndipo kusiyako n'komwe kumawalowetsa mu mphwayi.

MkuluWaMpingo:

A Katekisiti afotokoza bwino za kwawo, koma mipingo yambiri ya Chiprotestanti siigawa machimo kukhala aakulu ndi aang'ono motero, ndipo siinena kuti kujomba Lamulungu limodzi kwadula chisomo. Aefeso 2:8-9 imati chipulumutso n'cha chisomo mwa chikhulupiriro, osati ntchito, ndipo pemphero nalo likasanduka ntchito yogulira chipulumutso ndiye kuti tasochera.

Izi sizikutanthauza kuti kusapemphera n'kopepuka. Samueli anakutcha kuchimwira Yehova pa 1 Samueli 12:23. Yakobo 4:2 imati mulibe kanthu chifukwa simupempha, ndiye pali zinthu zomwe munthu amazisowa chifukwa choti sanapemphe basi, ngakhale ndime yotsatirayo ikuchenjeza opempha ndi zolinga zoipa. Pa Mateyu 26:41 Yesu anauza ophunzira kuti adikire ndi kupemphera kuti asalowe m'kuyesedwa. Anagona, ndipo usiku womwewo Petro anamukana katatu. Katekisimu wa Heidelberg wa 1563, pa funso 116, amati pemphero ndi gawo lalikulu la kuthokoza komwe Mulungu amafuna kwa ife. Kwa otsata chiphunzitso cha Calvin, kusapempheratu kwa nthawi yaitali popanda ngakhale kukhumudwa nako ndi chizindikiro choti munthu adzifufuze ngati chikhulupiriro chinalipo. Otsata Wesley amati wokhulupirira weniweni angathe kuzilala mpaka kutaya chomwe anali nacho. Onsewa amagwirizana kuti kuzilalako kumabwera pang'onopang'ono.

Pa nkhani ya matsoka ndikufuna ndilimbepo mawu, chifukwa pali alaliki omwe amadyera pa mantha amenewa. Pa Yohane 9 ophunzira anafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, Yesu anati si iye kapena makolo ake. Pa Luka 13:4 anatchula anthu 18 omwe nsanja ya Siloamu inawagwera, n'kunena kuti sanali ochimwa kuposa ena. Mateyu 5:45 imati dzuwa ndi mvula zimafikira oipa ndi abwino omwe. Salimo 73 imayamba ndi dandaulo la munthu woona osapembedza akulemera. Yobu ankapereka nsembe m'malo mwa ana ake mosadumphitsa, koma anawataya onse tsiku limodzi. Wokuuzani kuti mwana wanu wadwala chifukwa munajomba mapemphero a usiku akunena zomwe anzake a Yobu ananena, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu anawadzudzula.

Kubweza kulibe, kuli kuyambanso. Amene sakudziwa poyambira angatsate njira yomwe Martin Luther analembera womumeta tsitsi mu 1535: tengani pempho limodzi la mu Atate Athu kapena lamulo limodzi mwa khumi aja, muone chomwe likuphunzitsa, muthokoze nacho, muulule pomwe mwalephera, kenako mupemphe. Mphindi 10 zimakwana.

Wakafukufuku:

Ine ndiyankha mbali ya osapembedza, ndipo ndingokamba zoyezeka. Za kumwamba ndi kumoto palibe chida choziyezera, ndiye kafukufuku sangazitsimikize kapena kuzitsutsa. Chomwe angayeze n'chakuti kodi pemphero limasintha zochitika kunja kwa munthu, ndipo kodi limasintha munthu wopempherayo. Mayankho a mafunso awiriwa ndi osiyana kwambiri.

Pa loyambalo, woyamba kuwerengera anali Francis Galton mu 1872. Anaona kuti mafumu ndi mabanja achifumu amapemphereredwa moyo wautali m'matchalitchi sabata iliyonse, koma atawerenga zaka zomwe ankamwalira anapeza kuti sankakhala moyo wautali kuposa anthu ena olemera. Kafukufuku wamkulu wa masiku ano ndi yemwe Herbert Benson anatsogolera ku America, wotuluka mu 2006. Anatenga odwala 1,802 ochitidwa opaleshoni ya mitsempha ya mtima m'zipatala 6, n'kuwagawa patatu. Gulu lina linapemphereredwa koma linauzidwa kuti mwina lipemphereredwa mwina ayi, ndipo 52 pa 100 alionse anakumana ndi zovuta pambuyo pa opaleshoni. Gulu lomwe silinapemphereredwe, louzidwa chimodzimodzi, anali 51 pa 100. Gulu lomwe linauzidwa motsimikiza kuti likupemphereredwa, anali 59 pa 100. Ena amaganiza kuti kuuzidwako kunawaopsa, ngati kuti matenda awo afika poipa. Okhulupirira amayankha kuti Mulungu sayesedwa ndiponso kuti abale a odwala onsewo ankapemphera paokha, ndipo mfundo yachiwiriyi ndi yomveka. Komabe pa funso la a Wofunsa, palibe umboni woyezeka woti kusapemphera kumakoka ngozi kapena matenda.

Nanga bwanji ambiri amaona ngati zimatero? Chifukwa mavuto ang'onoang'ono amagwera aliyense mwezi uliwonse. Munthu amene akudziimba mlandu amawawerenga onse n'kuwalumikiza ndi kusapempherako, pomwe kale ankangoti ndi mmene moyo ulili. Komanso nthawi zambiri ndondomeko yake imakhala yotembenuka: mavuto a m'banja, kutopa kapena matenda a maganizo ndi omwe anayamba, n'kumusiyitsa kupemphera, ndipo akaonekera poyera munthu amati abwera chifukwa chosiya.

Pa funso lachiwiri, apa ndiye pali zotayika zenizeni, ndipo osapembedza anzanga sakonda kuzimva. Kafukufuku wotuluka mu 2016 anatsata anamwino achikazi oposa 74,000 ku America kwa zaka zambiri. Omwe ankapita ku mapemphero koposa kamodzi pasabata, mpata wawo womwalira m'nthawi imeneyo unali wotsika ndi 33 pa 100 poyerekeza ndi omwe sankapitako n'komwe. Mbali ina ya kusiyanaku inafotokozeka ndi kukhala ndi anthu okuthandiza, kusuta pang'ono, ndi kuchepa kwa matenda ovutika maganizo. Muone kuti chomwe ankayeza ndi kusonkhana, osati kupemphera wekha kuchipinda, komwe umboni wake ndi wofooka. Ndipo kafukufuku wongotsata anthu sangatsimikize kuti ichi ndicho chabala icho, popeza odwala kwambiri ndi omwenso amalephera kupita.

Za m'thupi ziliponso. Mu 2001 Luciano Bernardi ndi anzake anapeza kuti kunena Tikuoneni Maria m'Chilatini mobwerezabwereza, kapena mawu obwereza a yoga, kumatsitsa kupuma mpaka pafupifupi ka 6 pa mphindi. Liwiro limeneli limagwirizana ndi momwe thupi limawongolera kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Chinagwira ntchito ndi kapumidwe, chifukwa mawu a zipembedzo ziwiri zosiyana anapereka zotsatira zofanana.

Ndiye wosiya kupemphera amataya zinthu izi, ngati sazipezera kwina: anthu omwe amaona kuti sanabwere n'kumufunafuna, nthawi zoikika zodula tsiku, mphindi zokhala chete akupuma pang'onopang'ono, ndi mpata wotchula nkhawa zake ndi zolakwa zake m'mawu. Zitatu zomalizazi n'zosavuta kupeza. Kupuma kwa masekondi 5 kulowetsa ndi 5 kutulutsa kwa mphindi 10 kumafikitsa pa ka 6 kaja, ndipo kulemba m'kope madzulo kumagwira ntchito yotchula nkhawa. Chovuta ndi choyambacho. Gulu lomwe limakumana sabata iliyonse, la anthu a misinkhu yonse, lomwe limabwera ukadwala kapena ukaferedwa, silipezeka wamba kunja kwa chipembedzo, ndipo ambiri osiya amazindikira zimenezi mavuto atawagwera kale. M'mabanja ndi m'madera momwe chipembedzo n'cholimba palinso kusalidwa, komwe kumafika pa ukwati ndi pa chithandizo cha achibale. Chimenecho n'chotsatira chenicheni, koma ochichita ndi anthu.

Wofunsa_Adziwe:

Zikomo nonse, zayamba kumveka. Funso lina laling'ono. Nanga munthu amene amachita mantha kwambiri akaphonya pemphero, mpaka kulephera kugona, kapena kubwereza pemphero limodzi kambirimbiri poopa kuti sanalinene bwino, chimenecho n'chikumbumtima chabwino kapena ndi vuto?

Namwino_wa_Maganizo:

Zimatengera zomwe manthawo akuchita. Chikumbumtima chabwino chimakuuza kuti walakwa, umakonza, n'kupeza mtendere. Chikakhala choti ukakonza mtendere umabwera kwa mphindi zochepa kenako kukaika kumayambanso, ndiye kuti tikuyang'ana mtundu wina wa OCD (matenda a maganizo okakamiza munthu kubwerezabwereza zinthu) womwe umagwira pa zachipembedzo. Zizindikiro zake ndi kubwereza pemphero kapena kusamba mpaka "zimveke bwino", kulapa tchimo lomwelo kangapo, kufunsa atsogoleri funso lomwelo osakhutira ndi yankho, ndi maganizo onyoza Mulungu obwera okha omwe munthuyo amadana nawo. Muyezo womwe madokotala amagwiritsa ntchito ndi wakuti zikamadya nthawi yoposa ola limodzi patsiku, kapena zikamasokoneza ntchito, sukulu ndi banja, ndi matenda.

Chomwe achibale ndi atsogoleri amalakwitsa n'kumutsimikizira mobwereza kuti "usadandaule, Mulungu wakukhululukira". Kutsimikizirako kumatsitsa nkhawa kwa kanthawi, ndipo ubongo umaphunzira kuti njira yothetsera nkhawa n'kufunsanso. Matendawo amakula. Chithandizo chomwe chimagwira ntchito chimatchedwa ERP: mothandizidwa ndi katswiri, munthu amapemphera kamodzi, n'kusiya dala osabwereza, n'kupirira nkhawayo mpaka itatsika yokha. Amayamba ndi zosavuta n'kumakwera. Mankhwala a matenda ovutika maganizo a gulu la SSRI amathandizanso, koma pa OCD amatenga masabata 8 mpaka 12 kuti aonetse mphamvu, ndiye ambiri amawasiya msanga poganiza kuti sakugwira. Zimayenda bwino mtsogoleri wa chipembedzo akagwirizana ndi wachipatala n'kunena kamodzi kuti malire a chipembedzo ndi awa, zoposa apa si lamulo.

Mbali ina ndi ya amene wasiya kupemphera mosadziwa chifukwa chake. Ngati pamodzi ndi pemphero wasiyanso kusangalala ndi zina zomwe ankakonda, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasintha, akudziona wachabechabe, ndipo zatha masabata awiri kapena kuposa, apimidwe matenda ovutika maganizo. Kumuuza munthu wotere kuti Mulungu wamutaya n'koopsa. Kenneth Pargament ndi anzake, mu 2001, anatsata odwala achikulire pafupifupi 600 kwa zaka ziwiri, ndipo omwe ankaganiza kuti Mulungu wawasiya kapena sakuwakonda anamwalira ochuluka kuposa anzawo. Wina akayamba kulankhula zofuna kudzipha, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo asasiyidwe yekha.

Kwa amene akungofuna kubwezeretsa chizolowezi, kafukufuku wa Phillippa Lally ku London anapeza kuti chizolowezi chatsopano chimatenga masiku pafupifupi 66 kuti chikhazikike, ena 18 ena mpaka 254, ndipo kuphonya tsiku limodzi sikunagwetse chilichonse. Chimathandiza n'kumangirira pemphero ku chinthu chomwe mumachita kale pa nthawi yomweyo tsiku lililonse, monga kusukusula m'mawa.

Mwalimu_wa_Madrasa:

Zomwe anena a Namwino ife timazitcha waswasi, ndipo fikihi (chiphunzitso cha malamulo a Chisilamu) ili ndi malamulo ake omwe akugwirizana ndi chithandizo chimenecho. Wokaika ngati wudhu wake (kudziyeretsa ndi madzi asanaswali) waonongeka ali pa swala, hadisi ya mu Bukhari ndi Muslim imati asachoke mpaka atamva phokoso kapena fungo la mpweya womutuluka. Chotsimikizika sichichotsedwa ndi chikaiko. Wokaika ngati waswali marakaa 3 kapena 4 atenge 3, aonjezere imodzi, kenako achite sijida (kugwetsa nkhope pansi) ziwiri za kuiwala, basi, asayambirenso swala yonse. Kusambitsa chiwalo pa wudhu malire ake ndi katatu, kupyola apo n'kulakwitsa, osati kuonjezera ubwino. Ndipo amene kukaika kumamubwerera pafupifupi pa swala iliyonse, maulama ambiri amati asakulabadire n'komwe, apitirize ngati kuti sanakaike. Kukaika komwe kwabwera swala itatha kale nakonso sikuwerengedwa.